Jombo za a Meja

Kufupi ndi Makuzi,
Chintheche.
9 Juni, 1997.

Okondedwa achimwene a Winston,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli amoyo ndi amphamvu m'chisanu cha ku Joni chimene mumachidandaula chaka ndi chaka. Kuno tilipo ndithu. Mwera wayamba, asodzi akungosoka maukonde pamchenga. Ama akudandaula bondo, koma mukuwadziwa, dzulo lomweli ndawapeza akuvuula chinangwa ngati mtsikana. Mlamu wanu Agness wangobwera kumene kuchokera ku Limphasa kumene anakathandiza mng'ono wake kukolola mpunga. Ndalemba m'Chichewa monga mwa nthawi zonse, poti Chitonga chathu chimakoma pakamwa koma pa pepala chimandipulumuka.

Chithunzi chanu chija chinafika. Mwaima pa geti la fakitale imene mumalondera, chibonga m'manja, jombo zikung'anima mpaka m'mawondo. Ama anaseka mpaka misozi, akuti mwana wawo wasanduka mkulu wa asilikali, ndipo achisunga m'Baibulo. Ine ndinachiyang'ana kamodzi kokha, sindinafunenso kuchiona.

Achimwene, ndisazungulire. Ndikupempha kuti jombo zimenezo mundibwezere.

Ndikudziwa kuti mphatso salanda, makamaka kwa mkulu wako, ndipo manyazi amene ndili nawo polemba mawu amenewa Mulungu yekha ndiye akudziwa. Kalata ino ndi yachitatu. Yoyamba ndinalemba kuti jombozo zikufunika kukonzedwa ndi wosoka nsapato wa pa Chintheche, ngati kuti ku Joni konse kulibe wosoka nsapato. Yachiwiri ndinalemba kuti mwana wa a Meja akuzifuna ngati chikumbutso. Zonse ziwiri ndang'amba, chifukwa zinali bodza lovala jekete. Ino ndiye ndinena zoona, ndipo muleze mtima muwerenge mpaka kumapeto musanandikalipire.

Inu a Meja Hartwell mumangowadziwa ngati mzungu wokalamba uja ankayenda pa kavalo m'mbali mwa nyanja m'mawa uliwonse, napereka moni wa Chitonga chopindika chimene ana ankachiyeserera kumbuyo kwake. Ine ndinawagwirira ntchito zaka khumi ndi zinayi, kuyambira pamene ananditenga ku loji kuja ndinkaperekera zakudya. Ndinkasamala nyumba, kavalo wawo Bessie, ndi jombo zimenezo. Ankanditcha Sajeni, ine amene sindinagwirepo mfuti, ati chifukwa ndinkawakalipira akachedwa kudya. Ndikamapukuta jombo pakhonde iwo amakhala pambali panga n'kumasimba za usilikali wawo, mwakuti mbiri yawo ndikuidziwa kuposa ya agogo athu.

Analowa usilikali m'chaka cha 1937 ali ndi zaka makumi awiri, m'gulu la asilikali a pa akavalo la kwawo ku Mangalande. Bambo awo analinso m'gulu lomwelo, ndipo a Meja ankati anadziwa kukwera kavalo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Nkhondo yaikulu ija itabuka, anawakweza m'sitima ya pamadzi, anthu ndi akavalo omwe, ulendo wa ku Palestina. Inde achimwene, dziko lomwelo la m'Baibulo! Tsiku limene anandiuza kuti kavalo wawo anamwapo madzi a m'nyanja ya Galileya ndinangoti kukamwa yasa. Iwo anandiseka nati, “Sajeni, tseka pakamwa. Kanyanja kameneko utakaika pano sikangafike n'ku Nkhata Bay komwe.”

Kavalo wawo wa nthawi imeneyo dzina lake linalinso Bessie, wamkazi, wofiirira, wa banga loyera pamphumi. Mu 1941 kunabwera lamulo lakuti akavalo atha ntchito, nkhondo ya makono ndi ya akasinja. Akavalo aang'ono anawatumiza kukanyamula katundu, okulirapo anati agulitsidwe kwa anthu a ngolo. Koma msilikali waudindo ankaloledwa kuwombera yekha kavalo wake ngati sakufuna kuti akavutike m'manja mwa eni ngolo, ndipo a Meja analumbira pamaso pa anzawo kuti wawo sadzakoka ngolo. Tsiku litafika anaika chipolopolo m'mfuti napita kukhola. Kavalo uja powaona anangolowetsa mphuno m'thumba la malaya awo kufunafuna shuga monga ankachitira masiku onse. A Meja anabwerera ku tenti, nati ndichita mawa. Mawa lakelo magalimoto anabwera m'mamawa n'kuwatenga asilikali onse kupita nawo ku Iguputo.

Patapita chaka, atangotuluka m'chipatala ndi dzanja lamanzere lopsa lija munkaliona, anali kuyenda m'tauni ina ya kumeneko. Anaona ngolo ya miyala ikubwera, ikukokedwa ndi kavalo wa nthiti zokhazokha, zilonda pamsana, banga loyera pamphumi. Kavaloyo anadzutsa mutu.

Ndinawafunsa kuti, “Ndiye munatani, bwana?”

Anati, “Ndinawoloka msewu, Sajeni. Ndinaima pa windo la sitolo ya zipewa, ndikuyang'ana zipewa, mpaka ngolo inadutsa.”

Nkhani imeneyi anandiuza kamodzi kokha m'zaka zonsezo. Zina zonse ankazibwereza mpaka ndinkawamalizira ndekha: za m'chipululu mmene madzi ankawagawa ndi kapu, za kasinja wawo amene anayaka, za matope a ku Italiya. Mendulo yawo anaipata chifukwa chotulutsa anzawo awiri m'kasinja woyakayo, koma ankaisunga m'kachitini ka fodya pamodzi ndi mbedza. Ndikati tiipachike pakhoma ankati, “Za anthu awiri anandipatsa mendulo. Za kavalo palibe anandifunsa.”

Nkhondo itatha anakhalabe m'gulu lawo zaka zina khumi ndi zitatu, zambiri ku Jeremani. Ankati nkhondo imafuna mtima tsiku limodzi pa mwezi, koma mtendere umafuna polishi tsiku ndi tsiku. Ntchito inali mapepala, maperete, ndi kuphunzitsa anyamata amene sanagwirepo chingwe cha kavalo. Udindo woposa umeja sanaupeze, ndipo chifukwa chake ankachinena monyadira: pa phwando lina anauza mkulu wa asilikali pamaso pa anthu kuti gulu limene linataya akavalo ake ngati zinyalala lilibe chifukwa chovalira zitsulo za ku zidendene zofulumizira kavalo. Mu 1958 anatula pansi udindo nabwera kudzayang'anira esiteti ya tiyi m'boma lathu lino, ndipo sanabwererenso kwawo. Bessie wachiwiriyu anamutenga pa esiteti ina atamva kuti akufuna kumupha chifukwa chotsimphina. Anamusamala mpaka mwendo unachira, ndipo simungakhulupirire, achimwene, munthu wamkulu ngati uja ankapepesa kavalo akachedwa kumupatsa madzi.

Mukukumbuka mmene ankakondera malipenga? Ankakhala pampando wawo wopinda kutsogolo kwa bwalo, gule akatha n'kuyendera mizere ya ovina ndi ndodo kukhwapa, kuyang'ana masokosi ndi nsapato za aliyense ngati ali pa perete weniweni. Anyamata ankachita kupikisana kuchapa makabudula oyera kuti a Meja awagwedezere mutu. Anthu kuno ankawakonda ndithu, ndipo ndikunena izi kuti musaganize kuti zimene zinachitika pa maliro zinali chidani.

Tsopano ndafika pa nkhani ya jombo. Pa zonse za m'nthawi ya mtendere, chimene a Meja ankachikumbuka ndi ulemu chinali maliro a mkulu wa gulu lawo, amene anawatsogolera m'nkhondo yonse. Mwambo wa asilikali a pa akavalo ndi wakuti mtsogoleri akamwalira, kavalo wake amayenda kumbuyo kwa bokosi atamangidwa chishalo koma wopanda womukwera, ndipo jombo za malemuyo amaziika m'zitsulo zopondera zitayang'ana kumbuyo. Tanthauzo lake, ankatero a Meja, ndi lakuti mtsogoleri akucheukira anthu ake komaliza asanapite. Pa maliro amenewo iwo ndiwo anasankhidwa kugwira chingwe cha kavalo, ndipo ankati pa ntchito zonse zimene anagwira m'zaka makumi awiri ndi chimodzi, imeneyo yokha ndi imene anaigwira popanda cholakwa.

Mu Sepitembala chaka chatha, atayamba kufooka, anandiitana pakhonde m'mawa wina nati, “Sajeni, ine ndilibe gulu, ndilibe lipenga, ndilibe mbendera. Ndili ndi iwe ndi Bessie. Udzandichitira?”

Ndinati, “Ndidzachita, bwana.” Ndinathamangira kukatenga Baibulo kuti ndilumbire, koma anandiletsa nati mawu a Sajeni akwana.

Ndipo sanathere pamenepo, mukuwadziwa azungu. Tinachita kuyeserera kawiri konse! Ndinamanga chishalo, ndinaika jombo chambuyo n'kuzimangirira ndi chingwe kuti zisagwe, ndiye n'kumazungulira bwalo la nyumba ndi Bessie, iwo ali pampando atafunda bulangeti, akukuwa ndi mawu otha kale, “Pang'onopang'ono, Sajeni, si mpikisano wa njinga! Mutu m'mwamba!” Agness ankasuzumira pa windo la kukhitchini akuseka, nanenso ndinkaseka. Tsiku lachiwiri nditamaliza kuzungulira ndinawapeza akupukuta m'maso ndi dzanja lopsa lija, ndipo anati, “Basi, ukhoza.”

Anamwalira mu Okotobala, kukutentha koopsa, inu muli kuno pa tchuthi. Mwana wawo, mai Vanessa, anali m'chipatala ku Mangalande atangochitidwa opaleshoni, ndiye anaimba foni ku loji kuti tisadikire, tiwaike m'manda a pa tchalitchi pathu monga anafunira eni ake. Inu tsiku limenelo munalawirira kumanda ndi okumba, n'chifukwa chake simunaone zimene ndikufuna kukuuzanizi.

Ndinachita zonse monga tinayeserera. Bessie ndinamusambitsa, chishalo ndinachipaka mafuta, jombo ndinazipukuta mpaka ndinkadziona nkhope. Bokosi litatuluka m'nyumba, amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, atayamba nyimbo, ndinatulukira kuseri kwa khola ndi kavalo. Nyimbo ija inayamba kuzilala, mmodzimmodzi akusiya, mpaka kunangotsala mawu a amayi awiri atatu. Anthu onse maso anali pa jombo.

Ada Peterson, bambo aja ali mlembi wa seshoni, bwalo la akulu a mpingo wathu, anabwera pafupi nane. Sanakalipe ayi. Anandigwira pamkono nalankhula motsitsa, koma poti panali zii, aliyense anamva. Anati, “A Longwe, tatiuzani. Maliro akupita kumanda, jombo zikuloza kumudzi. Mukufuna mzunguyu abwerere kwa yani?”

Mayi wina kumbuyo anati, “Mwe! Zimenezi n'zoitana mzimu.” Wina anakoka mwana wake n'kumubisa kuseri kwa chitenje.

Achimwene, yankho ndinali nalo. Linali pakamwa penipeni, lomwe lija a Meja anandiphunzitsa: akucheukira anthu ake komaliza. Mawu ochepa chabe, mwana wa sitandade yoyamba akanatha kuwanena. Koma mwezi womwewo dzina langa linali litaperekedwa kuti ndikhale mkulu wa mpingo, ndipo ndinaona m'maganizo mwanga anthu akunong'onezana pa msika wa Chintheche kuti Zacharia Longwe anaphunzira ufiti wa azungu. Palibe anandilamula kanthu, achimwene, ichi ndicho chimene chimandiwawa koposa. Ndinamasula ndekha chingwe, ndinachotsa jombo, ndinakaziponya m'khola pansi pa udzu. Bessie ndinamumangirira pa mtengo wa mango uli kuseri kwa nyumba, n'kukalowa pa mzere wa anthu ngati wolira wamba. Nyimbo inayambanso bwinobwino.

Kavalo uja analira njira yonse. Tinafika pa msewu waukulu ndikumumvabe. Inu mutandiona kumanda munandigwira paphewa n'kunena kuti ndilimbe mtima, bwana anapita bwino. Munkaganiza kuti ndikulira maliro.

Sabata yotsatira inu munali kukonzeka kubwerera ku Joni ndi nsapato zong'ambika kuphazi, ndipo ine jombo zija zinkandiyang'ana nthawi iliyonse ndikalowa m'khola. Ndinaganiza kuti zikapita kutali mtima ukhala pansi. Ndiye ndinabwera nazo kwa ama madzulo aja, ndikukuuzani kuti a Meja anasiya mawu akuti jombo izi adzapatse a Winston, munthu wolimbika ntchito. Sanasiye mawu otero. Dzina lanu lenilenilo ankalisokoneza ndi la Wongani wa kwa a Mhone. Inu munavula chipewa, munazilandira ndi manja awiri, ndipo munati simunkadziwa kuti mzungu uja ankakuwerengerani chotero. M'kalata yanu ya Khirisimasi munalemba kuti mumawapempherera a Meja nthawi iliyonse mukamavala. Ndinakuberani pemphero lanu, achimwene, ndipo ndikupepesa ndi mtima wanga wonse.

Bodza silikhala lokha. Mai Vanessa analemba kufunsa ngati ndinakwanitsa zimene bambo awo anapempha, poti nawonso anawauza za mwambowo. Ndinayankha kuti zonse zinayenda bwino. Ndipo sindinangoti inde basi, kalanga ine, ndinachita kukometsera! Ndinalemba kuti Bessie anayenda mwaulemu mutu uli pansi, kuti anyamata a malipenga anaima sawasha ngati asilikali m'mbali mwa njira, kuti anthu a m'mudzi anagoma ndi mwambo wa kwawo. Cholembera chinkangothamanga chokha.

Mu Disembala anandidzoza ukulu wa mpingo. Chimene ndinkachifuna ndinachipeza. Tsopano ndimanyamula mbale ya mgonero, ndipo ndikadutsa pa windo la kumpoto ndimaona mulu wa dothi wa a Meja uli apo.

Mwezi watha kunabwera envulopu yaikulu yochokera ku Mangalande. Mai Vanessa akubwera pa 16 Ogasiti kudzaika chiliza pa manda a bambo awo. M'katimo munalinso tsamba la kanyuzi kamene asilikali akale a gulu la a Meja amalemberana. Achimwene, kalata yanga ija anaisindikiza yonse, mawu ndi mawu, ndi dzina langa pansi pake. Pamwamba analemba kuti msilikali wa pa kavalo waikidwa mwa mwambo wake m'mbali mwa nyanja ya ku Afirika. Mai Vanessa anaonjezera kuti mmodzi wa anthu awiri aja a Meja anawatulutsa m'kasinja akali moyo, ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, saona bwino, ndipo mdzukulu wake atamuwerengera anapempha kuti amuimiritse, nachita sawasha kuloza kum'mwera. Akuti andiuze kuti Sajeni Longwe ndi msilikali weniweni.

Ndinawerenga nditakhala pa sitepe ya khonde lomwe lija. Agness anandipeza pamenepo, anatenga pepalalo, ndipo poti Chingerezi amachimva pang'ono anawerenga mpaka pansi. Iye ankadziwa zonse kuyambira tsiku la maliro, ndipo nkhani ya sitolo ya zipewa ija ndinali nditamuuzanso. Anapinda pepala nandibwezera, n'kunena kuti, “Inu ndi a Meja anu ndinu amodzi. Nonse mumadziwa kuwoloka msewu.” Atatero analowa m'khitchini. Mkazi ameneyu akanangondimenya ndi mthiko zikanakhala bwino.

Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza chifukwa chimene a Meja anandiuzira nkhani ya sitolo ya zipewa ija. Munthu anakhala nayo pamtima zaka makumi asanu ndi mphambu, anawoloka nayo nyanja, anakalamba nayo, ndipo kavalo wake anali atafa kalekale, panalibenso chokonza. Ine wanga akali moyo, ali kuseri kwa nyumba kuno akudya udzu. Koma achimwene, Bessie watha. Mano aperepeseka, ndimachita kumunyikira gaga m'madzi kuti ameze. Alangizi a ziweto atamuona sabata yatha anapukusa mutu nati zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri n'zambiri kwa kavalo, ndipo chisanu chino chikhoza kumutenga. M'mawa uliwonse ndimapita kukhola mtima uli m'mwamba, ndikamva akupuma ndiye ndimapumanso ine.

Lachitatu lapitali ndinapita kwa Ada Peterson. Ndinawapeza akukonza ukonde pansi pa mtengo, ndipo ndinawauza kuti pa tsiku la chiliza ndidzayendetsa kavalo kuchokera kunyumba ya a Meja mpaka kumanda, jombo zitayang'ana kumbuyo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinawafotokozera tanthauzo lake, mawu omwe aja anandikanika chaka chatha. Anamvetsera osasiya kusoka, kenaka anati, “A Longwe, ine tsiku lija sindinakuletseni. Ndinangofunsa. Mukanayankha.”

Anapitiriza kuti iwo amva, koma si onse adzamve, ndipo popeza tsopano ndine mkulu wa mpingo nkhaniyi iyenera kupita ku seshoni. Ena kumeneko, mukuwadziwa, adzati mkulu wa mpingo sangatsogolere za mizimu, ndipo akhoza kundiimitsa. Ndinawayankha kuti akandiimitsa adzakhala atangotenga chimene ndinachigula ndi jombo za munthu wakufa. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane wa m'Baibulo, ine langa likangondidulitsa mpando wa kutsogolo m'tchalitchi ndiye kuti andichitira chifundo. Pochoka anandiitana nati Lamulungu lisanafike tsikulo ndidzaime ndekha pamaso pa mpingo ndifotokoze, anthu asadzadzidzimuke kachiwiri. Ndavomera.

Kwa mai Vanessa ndalemba zoona zonse, ndi pempho lakuti akakonze zimene zinasindikizidwa m'kanyuzi kaja, ndiponso kuti mkulu wosaona uja amuuze kuti sawasha yake inapita kwa munthu wosayenera. Kalata imeneyo ndaiponya kale pa positi ofesi Lachisanu, dala, kuti ndisapezenso mpata wosintha maganizo. Sindikudziwa ngati adzandisiya m'nyumba muno akadzabwera, kapena ngati adzafuna n'komwe kundipatsa moni. Zimenezo n'zawo.

Tsono kwatsala inu. Ackson wa kwa a Kamanga, amene amayendetsa thiraki, anyamuka kuno sabata ya mawa ndipo akuti adzabwerera chakumapeto kwa Julaye. Iye ndiye akupatseni kalata ino. Ndamupatsira jombo zina zimene ndapeza pa kaunjika pa Chintheche. Si zokongola ngati zimenezo, sizifika m'mawondo, ndipo anzanu a pa geti adzakusekani kuti mkulu wa asilikali watsitsidwa udindo, koma n'zofunda, ndaikamo ndi masokosi awiri amene Agness waluka. Za a Meja mumupatse Ackson m'manja, musatumize pa positi, zingasochere. Ngati zidendene zadyeka musapite nazo kokonzetsa, ndipo musazipake polishi. Imeneyo ndi ntchito yanga, ndinaithawa ndekha.

Mukafuna kundikalipira, lembani, ndidzawerenga mawu onse osadumpha. Mukafuna kuuza ama, auzeni, ngakhale ndikanakonda ndiwauze ndekha chithunzi chija chisanatuluke m'Baibulo. Koma chonde, achimwene, mkwiyo wanu ubwere pambuyo, jombo zitsogole. Bessie sangadikire kuti ine ndi inu tiyambe tagwirizana.

Ndipo ngati Mulungu alola kuti kavaloyu agone Ogasiti asanafike, ndaganiza kale chochita. Ndidzasenza chishalo pamapewa panga, jombo zili m'malo mwake zitayang'ana kumbuyo, ndipo ndidzayenda ndekha kuchokera pakhonde mpaka kumanda, pang'onopang'ono, mutu m'mwamba. Amene adzaseke adzaseke.

Ama akupereka moni, akuti muzivala chipewa cha ubweya. Agness akuti yewo chifukwa cha nsalu ija, ndipo ana akufunsa ngati ku Joni kulinso nyanja. Mupereke moni kwa alamu ndi kwa onse a kwathu amene mumapemphera nawo kumeneko. A Meja musasiye kuwapempherera chifukwa cha bodza langa, iwo sanakunamizeni. Ngati m'pemphero lanulo mungatsale malo pang'ono, muikemo kavalo wokalamba, kuti afike pa 16 Ogasiti.

M'makalata onse ndakhala ndikusaina kuti Sajeni, inu n'kumandiseka nazo. Lero sinditero. Dzinalo ndi la munthu amene mawu ake anakwana popanda Baibulo, ndipo ndidzaona ngati ndingalitolenso pobwera kumanda.

Ndine mng'ono wanu wokulakwirani,

Zacharia Longwe